Mpando wa Kumanja

Lolemba, 4 Meyi

Za penshoni zalowa lero. Ndinapita kubanki kukaona ndi maso anga, foni sindiikhulupirira. Zaka makumi atatu ndi chimodzi pansanja ya bwalo la ndege, kuuza anthu kuti dikirani, nyamukani, terani tsopano. Zonse zakwana pakapepala kopyapyala ngati lisiti la m'golosale.

Pobwerera ndagula kope ili. Ndilembe poyera kuti mawa ndisakane: ndikufuna ndege. Yaing'ono, ya mipando iwiri. Yophunzirira kaye, kenako yoyendera. Yanga.

Zaka 59. Bondo lolira pamasitepe. Magalasi owerengera awiri, onse osapezeka akafunika. Maola anayi ndaphunzira kale pandege ya sukulu, koma yobwereka imadya ndalama ngati moto wolusa, ndipo tsiku lomwe kuli bwino wina amakhala atailembetsa kale.

A Mdala ndawauza masana, tikumwa tiyi pakhonde. Chiwagwirereni sitiroko chaka chathachi mawu amabwera mochedwa, ndinazolowera kudikira. Kenako anati, "Mwachedwa nazo, mayi." Basi. Nkukankha kapu ndi dzanja labwinolo kuti ndiwonjezere shuga.

Zaka makumi anayi tili pabanja, munthuyu sanakwerepo ndege. Lole yokha, msewu, malire, msewu.

Lachitatu, 6 Meyi

Kusukulu ya ndege. Ofesi yawo ndi kontena yakale, fani imodzi, mapu ofwifwa pakhoma. A Mlangizi ndi mtsikana wa msinkhu wa Chisamba wathu. Tsiku loyamba lija nditangopereka moni anandiyang'anitsitsa nkunena kuti, "Mawu awa ndimawadziwa. Munanditsitsapo kuli chimvula, ine ndikulira." Sindikukumbuka. Olira analipo ambiri.

Ola lathunthu ndi pepala. Zomwe anena: ndisagule ndi maso. Penti sauluka. Ndione mabuku a ndegeyo, tsamba lililonse, ngati pali zaka zosowa ndithawe. Maola a injini. Zipangizo zake zipezeke pafupi, osati kudikira miyezi itatu chifukwa cha kabawuti. Ya tayala la kutsogolo, imakhululukira wophunzira potera. Ndipo makaniko wanga, osati wa wogulitsa, aisegule ndisanalipire kanthu.

Zogulitsa zilipo zitatu. Ina yansalu, mipando yotsogozana, tayala kumchira. Imeneyo taidula pomwepo, a inshuwalansi salola wophunzira, komanso wokhala kumbuyo amangoona nkhongo yako ulendo wonse. Zatsala ziwiri: yoyera yatsopanoko, ndi ina yakalekale ya adokotala a ziweto.

Ndikutuluka anafunsa kuti, "Nanga mpando winawo, ndikadzachokapo ine, mudzakhazikapo ndani?" Ndinaseka. Funso lanji limenelo.

Anyezi, sopo, mapiritsi a BP a Mdala. Mapiritsi akweranso.

Loweruka, 9 Meyi

Yoyera. Mayo ine, yoyera ija.

Mwini wake ndi wamalonda a matayala, akufuna yaikulu yonyamula banja lonse. Zaka zisanu ndi chimodzi zokha. Mapiko ali m'munsi, denga lagalasi lotseguka chokweza ngati chivundikiro cha poto. Mkati fungo la galimoto yatsopano. Mafuta imangonyambita, malita 16 pa ola. Tinauluka ndi a Mlangizi mphindi makumi awiri. Chiwongolero ndi zala ziwiri basi, ukaganiza zokhota yayamba kale kukhota. Kumwamba konse kuli pamutu pako. Ndinaona nsanja yanga yakale patali, yaing'ono ngati botolo la mankhwala.

Titatera a Mdala anati ayese kukwera. Ndinawaletsa ndi maso, sanandiyang'ane. Kuti ulowe uyenera kuponda kachitsulo kumbuyo kwa phiko, kukwera paphikopo, kudumphitsa mwendo, nkudzitsitsa pampando ndi manja onse awiri. Iwo dzanja ndi limodzi, mwendo ndi umodzi ndi theka.

Katatu. Kachitatu phazi linaterereka, msongolo nkugunda chitsulo. Wamatayala anatulutsa foni nkumayang'anamo, ndinamuthokoza mumtima. A Mdala anaseka, nkuti, "Lole yanga inali ndi masitepe atatu, sindinaphonyepo limodzi." Tonse tinaseka nawo mopitirira muyezo.

Tinalowa m'galimoto. Ndodo pakati pa miyendo, maso pawindo. Buluku lang'ambika pang'ono.

Lamulungu, 10 Meyi

Bala si lalikulu, koma magazi amachedwa kuuma chifukwa cha mankhwala aja. Ndatsuka ndi madzi amchere, ndamanga. Ndili chogwada chomwecho anaika dzanja pamutu panga. "Gulani yoyera. Ndinakuonani nkhope potsika." Ndinati tione kaye inayo. Anati ndalama za lole zija zikadali kubanki, zingokhala bwanji, ndiwonjezere. Lole yomwe anaigulitsa akulira.

Chisamba anabwera masana atachoka kuwodi, akadali m'yunifolomu. Anaona bandeji. Nkhani yonse inatuluka. Kukhitchini, chitseko chotseka, mawu otsitsa amene amapweteka kuposa okweza: anthu a msinkhu wanga amagula nkhuku kapena kukonza denga, ababa akudwala, ndikagwa awasamala ndani. Yomalizayo ndi yoona. Ndakhala ndikuifunsa ndekha.

Ndinamuuza kuti ndasamala aliyense m'nyumba muno, ndi alendo a mumlengalenga omwe, osasiya mpando wanga. Anati, "Ndiye mukufuna mphoto?" Ndinati eya. Anatsuka mbale zotsuka kale.

Pochoka anapsompsona bambo ake pachipumi, ine anangondigwira phewa. Ndi chiyambi.

Lachinayi, 14 Meyi

Yakale ija. Ili m'shedi yakumapeto, kuseri kwa thanki ya madzi. Zaka 48. Mtundu wa tiyi wamkaka, mzere wofiirira m'mbali, penti yosupuka pamphuno. Mapiko pamwamba ngati denga la khonde. Zitseko ziwiri ngati galimoto. Mkati fungo la oyilo ndi mankhwala a ng'ombe. Mawotchi akale a mivi, ina muvi wake umanjenjemera. Mtima wanga sunadumphe ngakhale pang'ono.

Mwini wake, adokotala a ziweto, ndi nkhalamba yaitali yowerama. Ankayendera nayo mafamu akutali. Maso ayamba kuchita nkhungu, achipatala akana kuwasainira laisensi. Mabuku anabweretsa m'chikwama chachikopa, asanu ndi anayi, palibe chaka chosowa. Pampando wakumanja pali kakhushoni kosokedwa pamanja. Ka malemu akazi awo, anali aafupi, ankalephera kuona kutsogolo.

A Mdala anaizungulira pang'onopang'ono, akugogoda matayala ndi ndodo monga ankachitira ndi lole m'mawa uliwonse. Kenako anatsegula chitseko chakumanja okha. Dzanja pachitsulo chochirikiza phiko, kutembenuka, kukhala kaye, nkunyamula mwendo wolemerawo ndi dzanja. Mphindi zinayi. Ndinawerenga. Palibe anawagwira.

Atakhala anapuma, nkuti ailize. Adokotala anailiza. A Mdala khutu chapansi, kumvetsera, chala m'mwamba kuti tonse tikhale chete. Itazima anati, "Nkhalamba, koma mtima ulipo. Silinda imodzi ikutsimphina. Ngati ine." Adokotala anakana, akuti inapimidwa chaka chatha.

Ndinaulukanso ndi a Mlangizi. Yolemera m'manja, yaphokoso, imakwera ngati munthu wonyamula ndowa. Mapiko amakubisira kumwamba, koma pansi ponse pali poyera, nyumba iliyonse, mbuzi iliyonse. Potera inandikhululukira kawiri.

Malita 22 pa ola. Ndalemba, ndazungulira ndi cholembera.

Loweruka, 16 Meyi

Masamu a kulemera. A Mlangizi anandipatsa ngati homuweki.

Yakaleyo imanyamula makilo 225, anthu ndi mafuta pamodzi. Ine 79, ndanama pang'ono, 81. A Mdala ndinawakweza pasikelo ya kubafa, atagwira sinki: 108. Anati sikeloyo ndi yabodza, inagulidwa pamsika. Tikakwera tonse mafuta otsala ndi a ola limodzi ndi theka, kupatula osungira pangozi. Osanyamula chikwama, ngakhale fulasiki.

Ndinawawerengera. Anafunsa kuti kilo imodzi ndi mphindi zingati. Ndinati pafupifupi zinayi. Anangogwedeza mutu.

Tiyi wa masana, ndikutenga supuni, anaphimba kapu ndi dzanja. Munthu amene adokotala atatu, Chisamba ndi ine tinalephera kumuletsa shuga. Anamwa wopanda kanthu, nkhope ngati wameza mandimu. Kenako anatenga ndodo, mpaka pageti ndi kubwerera, kasanu. Ndinkawaonera pawindo la kukhitchini, ndikunamizira kupukuta magalasi.

Komabe chakudya chamadzulo chitatha anabwereza kuti ndigule yoyera. Sindikuwamvetsa. Kapena ndikuwamvetsa kwambiri.

Lachiwiri, 19 Meyi

Tsiku la amakaniko. Bambo wamfupi wosakonda nkhani, tochi pakamwa, kagalasi ka pandodo m'thumba. Anayamba ndi yoyera. Akutsegula zivundikiro anati, "Chikomekome cha mkuyu, mayi." Ndinayembekezera nyerere, ndinkazifuna ndithu, zikanandichotsera mtolo wosankha. Maola atatu. Palibe. Anapukuta manja nkunena kuti mkuyu uwu ndi wabwino mpaka mkati.

Masana yakale. Anakwawira kumchira, anaunika m'mapiko. Dzimbiri loyera ngati ufa pamalo awiri, laling'ono, lopala nkupaka. Mapaipi a mafuta ofunika atsopano. Kenako kupima masilinda. Yoyamba bwino, yachiwiri bwino, yachitatu mpweya ukuthawa, tonse tinaumva ukulira. Amakaniko anafunsa kuti ndani ananena za silinda. Ndinaloza a Mdala, atakhala pa mpando wapulasitiki pakhomo pa shedi. Anapita kukawagwira chanza. "Akulu, ntchito mukuifuna?"

A Mdala akhala akumwetulira mpaka kunyumba. Mbali imodzi yokha ya pakamwa, koma yokwanira.

Adokotala anachita manyazi, atsitsa mtengo ndi ndalama ya silindayo. Injini yatsala ndi maola mazana asanu ndi limodzi isanafune kuphwasulidwa yonse. Kwa ine ndi zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Pamenepo ndidzakhala ndi 65. Tidzaona.

Lachitatu, 20 Meyi

Mafoni tsiku lonse. Inshuwalansi ya yoyera ndi kawiri ya yakale. Malo m'shedi ndi chimodzimodzi. Yoyera itenga penshoni yonse ndi theka la za lole, koma zaka khumi osaigwira. Yakale ndi theka la penshoni, kenako izidya pang'onopang'ono ngati mlendo wosatsanzika. A Mlangizi akuti pomaliza zimakumana pakati.

Wamatayala waimba. Pali wina akuifuna, andidikira mpaka kutha kwa mwezi.

Ndakhala ndi zithunzi zake pafoni ngati mtsikana wa sekondale. Ndikazimitsa, ndikuyatsanso.

A Mdala lero kasanu ndi kawiri mpaka pageti. Akuti mutu ukuwawa pang'ono, mwina dzuwa.

Lachisanu, 5 Juni

Kope linali m'chikwama masiku onsewa. Ndinalitsegula kawiri muwodi, osalemba kanthu.

Lachisanu lija, pa 22, m'mawa. Kapu inagwa. Ndinati mwatani, anandiyang'ana, pakamwa pakuyenda, mawu osatuluka. Ndinayendetsa ndekha, sindikukumbuka maloboti. Chisamba anatichingamira pakhomo la chipatala ndi njinga ya odwala, nkhope ya ntchito.

Akuti kasitiroko kakang'ono. Chenjezo. Mawu anabwerera tsiku lachiwiri, oyamba anali ofunsa ngati ndatseka geti. Masiku khumi ndi awiri pabedi la pafupi ndi zenera. Mankhwala asintha. Tatuluka dzana.

Sikelo ya kuchipatala: 101. Anandiuza okha, monyadira. "Mphindi 28." Ndinatuluka panja, ndinakaima pamalo oyanika zovala mpaka nkhope itauma. Si mmene ndinkafunira kuti achoke makilo amenewo.

Mwezi unatha ndili kumeneko. Wamatayala anatumiza uthenga, anamva kwa a Mlangizi, akuti andidikirabe sabata ina. Munthu wabwino. Sindinamuyankhe.

Nyumba fumbi lokhalokha. Maluwa a pakhonde afota, limodzi lokha likulimbikira.

Lolemba, 8 Juni

Ndimawameta ndevu m'mawa, pakhonde, beseni pampando. Ndi nthawi imene amakonda kunena zinthu, podziwa kuti sindingathawe ndili ndi lumo m'manja.

Anafunsa kuti ndidzaloledwa liti kunyamula munthu. Ndinati ndikapeza laisensi. Liti? Maola ena makumi anayi ndi mphambu, mayeso olemba, mayeso ouluka. Kamodzi pa sabata, ndiye chaka. Mwina kupitirira.

Anadikira ndimalize tsaya lamanzere. Kenako, pang'onopang'ono, liwu lililonse palokha: "Musasankhe ndege chifukwa cha pasinjala amene mwina sadzakhalapo."

Ndinati tsekani pakamwa ndingakuchekeni. Ndinameta chibwano. Ndinatsuka lumo nthawi yaitali kuposa mmene limafunikira.

Zoona zake ndi izi, ndilembe pano poti kulibe wowerenga. Ndaganizapo. Ndadziona ndili ndekha m'yoyera ija, kumwamba konse kuli kwanga, ndipo ndinachita manyazi kuti chithunzicho chinali chokongola. Kenako ndinayang'ana kumanja m'chithunzimo. Mpando umene sanakhalepo, umene unawagwetsa pamaso pa anthu. Ndingauluke nawo bwanji zaka khumi?

Yakaleyo anakhalamo. Analowa okha. Kaya zidzatha bwanji, anakhalamo.

Loweruka, 13 Juni

Wamatayala ndinamuimbira Lachiwiri. Ndinapepesa pomuchedwetsa. Anati palibe kanthu, moni kwa akulu. Zithunzi ndafufuta, kupatula chimodzi.

Lero tasainirana ndi adokotala a ziweto, pabonati ya galimoto yawo, mphepo ikulimbana ndi mapepala. Dzina langa linatuluka lokhota. Makiyi ndi awiri, aang'ono ngati a sutikesi, pa kachingwe kabuluu. Ndinkayembekezera chinthu cholemera.

Anandionetsa zimene sizili m'mabuku. Chitseko chamanzere chimafuna kukankha ndi bondo. Kukazizira uipatse mafuta katatu usanailize, osati kanayi, imakwiya. Wotchi yonjenjemera ija ukaigogoda ndi chala imakhazikika. Anayenda nayo m'mbali dzanja lili paphiko, monga amachitira ndi ng'ombe yodwala.

Ndinawapatsa kakhushoni kaja. Anakagwira, anakayang'ana, nkukabwezera pampando. "Kazolowera kumeneko." Ndinawauza kuti shedi ndi yomweyi, abwere tsiku lililonse akafuna. Anati mwina. Sindikuganiza kuti abwera msanga.

A Mdala sanapite, akadali ofooka. Nditafika ndinaika makiyi patebulo pafupi ndi mbale yawo. Anayang'ana kachingweko, anadziwa. "Mwagula nkhalamba." Ndinati ndinazolowera nkhalamba, zipangizo zake ndimazidziwa. Anati ndine wosamva. Anagwira makiyiwo chakudya chonse, supuni nkumaisiya kuti awatembenuze.

Lachinayi, 18 Juni

Silinda yatsopano yalowa, mapaipi asinthidwa, dzimbiri lapalidwa. Amakaniko akuti aiulutse maola angapo injini ikhazikike, a Mlangizi achita zimenezo sabata ino.

Ganizo linandibwerera ndikusita. Ine sindingawanyamule chaka chino. Koma a Mlangizi angathe, laisensi ali nayo. Mipando ndi iwiri basi, ndiye ine nditsale pansi.

Ndinayamba ndi Chisamba, poti ndiye khoti lalikulu. Ndinakonzeka kukangana. Anasewera kaye ndi wotchi ya payunifolomu. Anafunsa kutalika kwake, mphindi zingati, kukachitika kanthu amatera msanga bwanji. Ndinayankha zonse. Anati akafunsa dokotala wawo. Dzulo anaimba: mphindi makumi awiri, m'mawa kusanatenthe, osakwera kwambiri, pakatha milungu isanu chichokereni tsiku lija.

Lero wabwera ndi kabokosi kathabwa, anakhomeretsa kwa kalipentala, pamwamba pali labala kuti phazi lisaterereke. Wawaphunzitsa pampando wa galimoto: phazi labwino pabokosi, kutembenuka, kukhala, mwendo. Kasanu. Amawalamula ngati odwala ake, "Ayi ababa, mwathamanga, tiyambirenso." Iwo nkumvera.

Ndinafunsa a Mdala ngati akufunadi. Anati, "Ndege ya akazi anga ndiikane?" Koma mpunga anausiya theka.

Pochoka Chisamba anaima pageti. Akuti akadali wokwiya nane. Akuti Loweruka lake wasinthana ndi mnzake, abwera.

Loweruka, 27 Juni

Ndikulemba pabenchi ya kutsogolo kwa kontena, kope pabondo, chifukwa manja akusowa chogwira.

Tinafika isanakwane seveni. Kumwamba kopanda kamtambo, mphepo yochepa yochokera kutsogolo kwa msewu wa ndege, yabwino. Anavala jekete la ukwati wa Chisamba, likuwakhuthukira tsopano. Bokosi linagwira ntchito, mphindi ziwiri zokha. Ndinawamanga lamba ndekha, ndinawaveka mahedifoni. Kakhushoni tinakaika kumsana. Ndodo anandipatsa ine, ndili nayo pano.

Ndisanatseke chitseko anandigwira mkono. Dzanja lozizira. Ndinaganiza kuti anena kanthu. Anangoti, "Chitseko mukankhe bwino."

Ndege yanga yanyamuka koyamba ndi munthu wanga, ine ndili pansi. Ndinkaganiza kuti zindiwawa. Inathamanga, inadzutsa mphuno, inakwera mwa ulesi wake uja, ndipo ndinapezeka ndikuiuza mokweza kuti pang'onopang'ono, wanyamula dzira. Chisamba anandigwira chigongono, sanachisiye mpaka pano, ndikulemba mokhota.

Adutsa pamwamba pathu kamodzi. Ndinakweza ndodo.

Mphindi 14. Injini ndikuimva kumadzulo, ikulira bwino, masilinda onse anayi.

Lamulungu, 28 Juni

Anatera bwino, mofewa ngati kuika mwana pabedi. Nditatsegula chitseko malaya anali onyowa mpaka m'chiuno. Anati kunali kokongola. Anati minda, misewu, zonse. Chisamba anawapima BP pomwepo pansi pa phiko, inali yokwera pang'ono, inatsika. Amakaniko anatuluka m'shedi kudzawafunsa za injini, anayankha kuti tsopano ikuyenda ndi miyendo yonse.

Tikukankhira ndege m'shedi a Mlangizi anandikokera kumchira. Anati asandibisire. Kuyambira pamene matayala anasiya pansi, a Mdala anatseka maso. Dzanja linagwira lamba, milomo ikuyenda. Anawafunsa kawiri ngati abwerere, anapukusa mutu. Maso anatsegula kamodzi kokha, podutsa pamwamba pa bwalo. Anafunsa kuti, "Ali pati?" A Mlangizi anawalozera benchi imene ndinakhalapo. Anayang'ana mpaka benchi itabisika ndi mchira, nkutsekanso.

Zaka makumi anayi. Munthu woopa kutalika, ndipo sindinadziwe. Ndiye chifukwa chake denga likafuna kukonza ankaitana anthu, ine nkumati ndi ulesi. Pansanja sanakwerepo kudzandiona, ankadikira pansi m'lole, akuti masitepe ndi ambiri.

Sindinawauze kuti ndikudziwa. Lero m'mawa ndikuwameta ndinangofunsa ngati adzakwerenso. Anati ndi mtsikana uja ayi, amayendetsa bwino koma si dalaivala wawo. Anafunsa kuti atsala maola angati. Ndinati 41.

Ndinadikira monga mwa masiku onse, lumo lili m'mwamba.

"Fulumirani, mayi."

Ndaimbira a Mlangizi ngakhale ndi Lamulungu. Kamodzi pa sabata tasiya. Lolemba, Lachitatu, Lachisanu, seveni koloko. Akuti Loweruka ali ndi wophunzira wina, koma amupempha ngati angalole kuti ine ndilowe m'malo mwake.